Manambala a pa mizati ya nyale ku Central Park

Central Park, paki ya mumzinda wa New York, ndi yaikulu mahekitala 341, ndipo njira zake n'zokhotakhota mwadala. Frederick Law Olmsted ndi Calvert Vaux, omwe pulani yawo inasankhidwa mu 1858, ankafuna kuti woyendamo aiwale piringupiringu wa m'tauni. Njira zotere sizichedwa kusokeretsa munthu, chonsecho zikwangwani zambirimbiri zingaipitse malowo.

Komabe mizati ya nyale imagwiranso ntchito yolozera njira. Pamzati pamalembedwa manambala anayi. Awiri oyambirira amatchula msewu wapafupi, moti 7204 ikusonyeza 72nd Street. Nambala yomaliza ikakhala yogawika ndi 2, munthu ali chakum'mawa kwa pakiyo. Ikapanda kutero, ali chakumadzulo. Chodandaulitsa n'chakuti timanambalato n'tating'ono kwambiri, ndipo alendo ambiri amangotidutsa osadziwa ntchito yake.