Chitenje m'chikwama, jekete paphewa

Mlangizi wa zachitukuko amene m'mawa ali pamsonkhano ku Lilongwe, masana n'kukakumana ndi mafumu ku Dedza, alibe mpata wokasintha zovala. Lamulo la mu 1973 loletsa amayi kuvala mathalauza ku Malawi linathetsedwa kalekale, komabe kumudzi maso a anthu sanasinthe kwenikweni, ndipo uthenga wabwino umatha kukanidwa chifukwa cha kavalidwe ka woubweretsa.

N'chifukwa chake amayi ozindikira sayenda opanda chitenje m'chikwama. Akayandikira pabwalo la mfumu amangochimanga pamwamba pa thalauza. Bulauzi yoyera ndi jekete yakuda, ngakhale zikhale zapakaunjika, zimalowa ponseponse. Jeketeyo imapulumutsanso mu Juni, mphepo ya ku Dedza ikayamba kuluma. Nsapato za gogoda zokha ndizo zimatsala m'galimoto.