Mwana Akati, "Ndidzakhala Wamatsenga"

Mwezi uno tili ndi nkhani imene idatsala pang'ono kupasula banja lina kuno ku Hewe, ndipo tikhulupirira kuti si kwathu kokha kumene zotere zingaoneke.

Chigawo chachiŵiri cha sukulu chili pakati, pa sukulu yathu padafika mlendo wa chikwama chakuda, napempha chilolezo kwa ahedi kuti aonetse ana majiki. Ana adasonkhana pansi pa mtengo, aliyense atapereka kangachepe. Mlendoyo adatulutsa dzira m'kapu yopanda kanthu, adasandutsa mapepala kukhala ndalama, ndipo adauza mtsikana wina nambala imene idali m'mutu mwake. Atatha adakwera njinga yamoto kuloŵera ku Bolero, ife nkumati zathera pomwepo. Koma mnyamata wina wa mu Sitandade 7, wakuthwa pa masamu, sadagone nazo tulo. Patapita milungu itatu adayamba kusoŵetsa chitsekerero cha botolo m'dzanja lake, nkuchitulutsa kukhutu kwa mnzake. Anzake adakasimba kwao, ndipo pamene nkhaniyo inkafika kuchitsime idali itamera nyanga. Ankati mwanayo amaphunzitsidwa usiku ndi agogo ake akazi, mai wamasiye amene wakhala wa Umanyano zaka zoposa 30.

Tsiku lina madzulo bambo wa mwanayo adatipeza pakhonde. "Asambizgi," adatero, "mwana wanga akuti akadzakula adzakhala wamatsenga. Amai anga aleka kupita kuchitsime poopa maso a anthu. Kodi ndimkwapule, kapena ndipite naye ku Seshoni?" Tidaŵapempha kuti ayambe aleza mtima, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. M'maŵa mwake tidaitana mnyamatayo, ndipo tidamuuza kuti achite pang'onopang'ono ife titaima kumbuyo kwake. Apo chinsinsi chidali poyera. Dzanja lamanja limabwera ngati likutola chitsekerero, koma icho chimagwera m'chikhato cha dzanja lamanzere. Mnyamatayo amayang'anitsitsa dzanja lamanja lofumbatalo, ndipo maso a oonerera amatsata kumene iye akuyang'ana. Adatiuza kuti adaziyesa kangapo patsiku kuseri kwa chigafa cha fodya, akudziyang'anira pa kagalasi kosweka.

Dzina limodzi, zinthu ziŵiri

Vuto lathu loyamba ndi la chilankhulo. Liu loti matsenga timatchulira zinthu ziŵiri zosiyana. Pali munthu amene amati ali ndi mphamvu yochokera kwa mizimu, ndipo amafuna kuti anthu amuope ndi kumlipira. Za ameneyo Deuteronomo 18 ikuletsa mosabisa, ndipo Machitidwe 8 akutionetsa Simoni wa ku Samariya, amene ankazizwitsa anthu nadzitcha wamkulu, pambuyo pake nafuna kugula ndi ndalama mphatso ya Mulungu. Koma palinso munthu amene amaima pabwalo nauza anthu kuti zonse zimene aone ndi luso la manja ndi la nzeru, ndipo anthu amalipira kuti asangalale pozizwa. Wochita seŵero akavala ngati mfumu sitinena kuti walanda ufumu. Chomwechonso wosoŵetsa chitsekerero sadalumikizane ndi chiŵanda chili chonse.

Tipereke chitsanzo chimene banja lili lonse lingayese madzulo ano. Uzani mwana alembe nambala ya malembo atatu, loyamba likhale loposa lomaliza ndi 2 kapena kupitirira, monga 732. Aitembenuze, ikhale 237, ndipo achotsere: yankho ndi 495. Atembenuzenso yankholo, likhale 594, ndipo aphatikize 495 ndi 594. Inu osaona pepala lake, muuzeni kuti wapeza 1089. Adzadabwa, koma chifukwa chake nchapafupi. Yankho la kuchotsera kuja limakhala nthaŵi zonse ndi 9 pakati, ndipo malembo aŵiri a m'mbali akaphatikizidwa amapanganso 9, monga 198, 297 kapena 396. Nambala yotere ikaphatikizidwa ndi kutembenuza kwake imabala 1089 basi. Masamu otere ndiwo amene mlendo wa chikwama chakuda uja adazizwitsa nawo mtsikana wathu.

Oŵerenga maganizo

Gawo limene limasokoneza anthu kwambiri ndi la aja ooneka ngati akudziŵa za mumtima mwa munthu. Njira zao nzodziŵika. Yoyamba ndi kunena mau amene angakwane munthu aliyense. Mu 1948 mphunzitsi wina wa za maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, adapatsa ophunzira ake 39 pepala aliyense, naŵauza kuti lafotokoza khalidwe la mwini wake yekha. Adaŵapempha kuti alipatse malikisi kuyambira 0 mpaka 5 molingana ndi m'mene laŵalondolera, ndipo malikisi a kalasi yonse adapitirira 4 pa munthu. Kenaka adaŵaululira kuti mapepala onsewo adali ndi mau amodzimodzi. Kuno kwathu munthu akaima pa msika wa Katowo nkuuza mai kuti, "Pali wachibale amene sakondwa ndi kutukuka kwanu," ndi mai uti amene sangapeze dzina m'mutu mwake?

Njira yachiŵiri ndi kuponya mau nkuyang'ana nkhope. Akaona kuti maso aŵala amapitirira, akaona kuti waphonya amakhota msanga, ndipo womvera amakumbukira zolondola zokha. Njira yachitatu ndi kutuma anzake kuti akayambe amva nkhani za anthu msonkhano usanayambe. Imeneyi ndiyo idagwetsa mlaliki wa ku America, Peter Popoff, amene ankatchula maina a anthu, kumene amakhala ndi matenda ao, nati Mulungu akumuululira. Mu 1986 James Randi, amene adali katswiri wa majiki a pabwalo, pamodzi ndi anzake adatchera chida chogwira mau a wailesi, ndipo adamva mkazi wa Popoff, Elizabeth, akuŵerengera mwamuna wake zimene anthu adalemba pa timakadi ta mapemphero. Popoff ankamvera pa kawailesi kobisika m'khutu. Mauwo adaulutsidwa pa wailesi ya kanema, ndipo mu 1987 bungwe lake lidagwa ndi ngongole. Chomvetsa chisoni nchakuti patapita zaka adabwereranso pa kanema, napezanso omtsata.

Onani tsono kuti amene adateteza nkhosa pa nkhani imeneyi adali wamajiki, ndipo wonyenga adali atanyamula Baibulo. Zidateronso ndi Harry Houdini, amene m'zaka zake zomaliza, asanamwalire mu 1926, ankaloŵa m'misonkhano ya anthu onena kuti amalankhula ndi akufa, nkuulula ukathyali wao. Wodziŵa m'mene maso amanyengekera ndiye savuta kugwira wakuba.

Ife a boma la Rumphi sitili alendo pa njala yofuna munthu wodziŵa zobisika. Akuluakulu athu akukumbukira m'mene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anthu zikwizikwi, ena ochokera ku Tanganyika ndi ku Northern Rhodesia, ankabwerera m'boma lino kudzaonana ndi mchimi Chikanga, dzina lake Lighton Chunda. Pa malo a njala yotere mwana wodziŵa kuzizwitsa ali pa ngozi ziŵiri. Ena adzamuopa nkumutcha mfiti, ena adzabwera ndi nkhuku kuti aŵauze amene adaŵalodza. Ngozi yachiŵiriyo ndiyo yoopsa kwambiri pa moyo wake wauzimu, pakuti imadza ndi ndalama.

Kodi ndi ntchito yodyera?

Achinyamata afuna yankho lolunjika, tsono nali. Kunja kuli anthu amene amadya ndi kuvala ndi luso limeneli. Ku London kuli bungwe lao lotchedwa The Magic Circle, limene lidayamba mu 1905, ndipo wofuna kuloŵamo amayamba wayesedwa luso lake. Bungwe lina la maiko ambiri, FISM, lidakhazikitsidwa mu 1948 ndipo limachititsa mpikisano wa dziko lonse pa zaka zitatu zili zonse. Kufupi kuno, ku Claremont mu mzinda wa Cape Town, kuli sukulu yotchedwa College of Magic imene David Gore adaiyambitsa mu 1980. Ana amaphunzira kumeneko Loŵeruka, ena ochokera m'makomboni monga Khayelitsha, ndipo masiku ena onse amakhala ku sukulu zao za masiku onse. Mfundo imeneyi makolo aigwire: ngakhale kumene luso limeneli lili ndi sukulu yakeyake, silichotsa mwana m'kalasi.

Njira yake si yofeŵa. Houdini adabadwira ku Budapest mu 1874, ndipo banja lao lidasamukira ku America iye ali wamng'ono. Adagwirapo ntchito m'fakitale ya mataye ku New York, nayamba kuonetsa majiki mu 1891. Kwa zaka 8 adayendayenda m'timabwalo tating'ono, akulandira zosakwanira, kufikira mu 1899 pamene Martin Beck adamlemba kuti aziseŵera m'nyumba zazikulu. Jean-Eugène Robert-Houdin wa ku France, amene Houdini adatengerako dzina, adali wokonza mawotchi, ndipo zozizwitsa zake zambiri zidachokera ku umisiri umenewo. Mu 1856 boma la France lidamtumiza ku Algeria. Kumeneko adaonetsa kabokosi kopepuka, koma munthu wamphamvu adalephera kukanyamula, chifukwa pansi pake padali chitsulo ndipo pansi pa thabwa padabisika maginito oyendera magetsi. Apa tiphunzirapo ziŵiri: kuti wamajiki wabwino ayenera kudziŵa sayansi, ndiponso kuti luso lomwelo lingagwiritsidwe ntchito poopseza anthu, monga m'mene atsamunda adafunira pa ulendo umenewo.

Kuno kwathu oonerera ndi ana a sukulu, ndipo ndalama imaoneka m'midzi pa nyengo yogulitsa fodya yokha. Wofuna kudya ndi luso limeneli ayenera kuyang'ana ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kumene kuli maukwati akuluakulu, mahotela ndi maphwando a makampani. Kumeneko sadzafuna manja okha. Adzafuna munthu wolankhula bwino Chingerezi ndi Chicheŵa, wodziŵa kuseketsa anthu popanda kunyoza wina, wofika pa nthaŵi yake, wodziŵa kulemba mgwirizano ndi kuŵerengera ndalama za ulendo. Zonsezi zimachokera m'kalasi. Nchifukwa chake tidauza mnyamata wathu kuti chitsekerero achisunge m'thumba, koma mayeso a Sitandade 8 akhale patsogolo.

Malangizo athu

Kwa achinyamata tikuti, ngati luso limeneli lakukomerani, sungani malamulo anai. Musanayambe kuonetsa, nenani poyera kuti ndi maseŵera a manja ndi masamu, ndipo mukatha nenaninso. Musalandire kanthu kwa munthu wofuna kuti mumuuze za matenda, za katundu wobedwa kapena za amene akumchitira nsanje. Musayese zomeza malumo, zamoto kapena zomangidwa m'madzi, pakuti ngakhale akatswiri ena adafa nazo. Ndipo musaloŵetse luso lanu m'mapemphero kuti anthu ayese ndi mphatso ya Mzimu, chifukwa pamenepo mwakhala mbale wake wa Simoni uja.

Kwa makolo tikuti, mwana akachita chodabwitsa, mufunseni musanamuŵeruze. Safunsa adadya phula. Lamulo la dziko lathu lokhudza ufiti, limene lidakhazikitsidwa mu 1911, likuletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo likuletsanso kudzionetsa ngati uli ndi mphamvu zotere. Lamulo lachisanu ndi chinai la Mulungu likuletsa umboni wonama. Amene akuyesa kuti manong'onong'o a kuchitsime sapha, akumbukire okalamba anai amene adaphedwa ku Neno mu Januwale 2016, mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzi mwao. Nkhani imeneyonso idayamba ndi pakamwa.

Tsiku lotsekera sukulu, titagwirizana ndi ahedi ndi abusa, tidaimika mnyamata uja pamaso pa makolo. Adasoŵetsa chitsekerero chake, anthu nkugwira pakamwa. Kenaka adatembenuka, nachita pang'onopang'ono kuti onse aone kumene chimagwera. Akatswiri a luso limeneli salola kuulula zinsinsi zao, koma ife tidaona kuti mbiri ya mai wamasiye iposa chinsinsi cha chitsekerero. Pomaliza tidapempha agogo aja kuti ayeseko. Adayesa kaŵiri, ndipo kaŵiri konse chitsekerero chidagwera m'fumbi, bwalo lonse nkufa ndi phwete. Iwo adati, "Ndiye mwati ine ndine mphunzitsi wake?"

Sitikunena kuti onse adakhutira. Alipo aŵiri atatu amene akuti tidangophimba nkhani, ndipo amenewo tikuŵayenderabe m'makomo mwao. Koma agogo aja ayambanso kupita kuchitsime, ndipo mdzukulu wao wapatsidwa udindo wothandiza anzake masamu Lachitatu masana. Kaya adzakhala wamajiki, kaya mphunzitsi, kaya wokonza magetsi, zimenezo zili m'manja mwa Mwini moyo. Chimene ife tikupempherera nchakuti adzakhale munthu woona, amene akati ndi seŵero likhaledi seŵero. Tsalani bwino, tidzakumananso mwezi wamaŵa, Ambuye akalola.