Kodi oimba olemera cuma cao amacitenga kuti?

Nthawi iliyonse imene cikondwerero ca Mosi Day of Thunder cifika mu Livingstone, malo ogona alendo amadzaza, ndipo acinyamata a ku Maramba, Dambwa ndi Libuyu amaona ndi maso oimba amene masiku onse amangowaona pa foni. Amaona mamotoka onyezimira, zovala zodula ndi anyamata amphamvu owalondera. Sabata yotsatira makolo ena amamva mwana akunena kuti sukulu ikumucedwetsa, cimene akufuna ndi ndalama za situdiyo. Nkhaniyi ikafika kwa abusa kapena akulu a mpingo, kawirikawiri timayankha ndi ulaliki wotsutsa nyimbo zacikunja. Koma mwanayo anafunsa za ndalama, ndipo ayenera kuyankhidwa za ndalama.

Tiyambe ndi amene ali pamwamba penipeni. Mu 2021 magazini ya Forbes inalengeza kuti Rihanna ali ndi cuma cokwana madola 1.7 biliyoni. Pa nthawiyo n'kuti atatha zaka zisanu osatulutsa cimbale, pakuti comaliza cinali ca mu 2016. Gawo lalikulu la cumaco linacokera ku Fenty Beauty, kampani ya zodzoladzola imene anayambitsa mu 2017 mogwirizana ndi kampani ya ku France ya LVMH. Dr. Dre ndi anzake anagulitsa kampani ya Beats, yopanga zomvetsera nyimbo m'makutu, ku Apple mu 2014 pa madola 3 biliyoni. Jay-Z anafika pa biliyoni mu 2019, ndipo mbali yaikulu ya cuma cake inali m'makampani a zakumwa zaukali. Kuno pafupi, Diamond Platnumz wa ku Tanzania anamanga dzina la Wasafi kukhala kampani yojambula oimba ena, wailesi, TV, ngakhalenso njuga ya pa foni. Onsewa nyimbo inawapatsa dzina. Dzinalo analimata pa katundu, ndipo m'kampani yogulitsa katunduyo anali ndi gawo laolao monga eni ake, osati monga anchito olipidwa pa mwezi.

Njira ina ndi ya umwini wa nyimbo, ndipo apa m'pofunika kumvetsa bwino cifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Nyimbo imodzi ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa amene anapeka mau ndi maimbidwe, ndiye pali umwini wa cojambulidwa ceniceni cija cimene cinatuluka mu situdiyo. Munthu akhoza kupeka nyimbo, kuiimba ndi mau ake, koma cojambulidwaco n'kukhala ca amene analipira situdiyo. Bob Dylan anagulitsa umwini wa nyimbo zimene anapeka ku Universal mu December 2020, pa mtengo umene manyuzipepala anati unapitirira madola 300 miliyoni. Anatha kugulitsa cifukwa anali atazisunga m'manja mwake. Taylor Swift zinamuvuta: zojambulidwa za zimbale zake zisanu ndi cimodzi zoyambirira zinagulitsidwa kwa ena mu 2019, iye n'kuyamba kujambulanso nyimbo zomwezo, mpaka anaziombola mu May 2025. Anali ndi mphamvu yotero cifukwa ulendo wake wa Eras Tour, wa makonsati 149, unalowetsa madola opitirira 2 biliyoni pa matikiti.

Ife a kum'mwera kwa Africa tili ndi citsanzo coipa ca nkhani yomweyi. Solomon Linda anajambula nyimbo ya Mbube mu Johannesburg mu 1939, ndipo umwini wake unapita ku kampani ya Gallo pa mashiling'i 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasinthidwa dzina, kenaka inalowa mu filimu ya The Lion King mu 1994. Mwini wake anamwalira ali wosauka mu 1962. Ana ake anadzapeza kanthu mu 2006, pambuyo pa mlandu wa kukhoti.

Nanga kuno kwathu? Amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 tikukumbukira pamene boma la a Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri za pa wailesi zikhale za mu Zambia. Inali nthawi ya WITCH ndi Paul Ngozi, ndipo malekodi anali kupangidwa ku Ndola ndi kampani ya Teal. Mtengo wa mkuwa utagwa, anthu analeka kugula malekodi, makaseti okopa anadzaza m'misika, ndipo matenda anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. A Emmanuel "Jagari" Chanda, mtsogoleri wa WITCH, amene anali kudzaza maholo, anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Dzina lao linadzukanso pamene makampani akunja anayamba kutulutsanso malekodi akale aja, kenaka panabwera filimu ya mu 2019 ndi cimbale catsopano ca Zango mu 2023. Cimene cinawabwezera pa nsanja ali okalamba ndi zojambulidwa za zaka makumi anai zapitazo. Nyimbo yosungidwa bwino ili ngati munda wa mango, imabereka wobzala atakalamba.

Lamulo lilipo. Copyright and Performance Rights Act ya mu 1994 imateteza wopeka nyimbo moyo wake wonse ndi zaka zina 50 atamwalira. Bungwe la ZAMCOPS nchito yake ndi kutolera ndalama ku mawailesi, mahotela, mabawa ndi malo ena oseweretsa nyimbo pagulu, n'kugawira mamembala ake. Mu 2013 boma linabweretsa cidindo ca hologram comata pa ma CD kuti okopa agwidwe, koma cinafika mocedwa: anthu anali atayamba kale kupatsana nyimbo pa fulashi ndi pa foni.

Acinyamata amati zonsezo ndi zakale, masiku ano ndalama zili pa intaneti. Spotify inafika mu Zambia mu 2021. Amene amawerengera zimenezi amati nyimbo ikamvedwa kamodzi imabweretsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a senti imodzi ya ku America, kapena kuposa pang'ono. Ndiye kuti ikamvedwa ka miliyoni imodzi, ndalama zake ndi madola 3,000 kapena 4,000, ndipo zimacepa ngati omvera ali m'maiko amene amalipira zocepa pa mwezi monga lathu lino. Pa ndalama zomwezo pamadya wofalitsa, wojambula, manijala ndi kampani. Kuyambira mu 2024, nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 pa caka siilandira kanthu. Mnyamata wa ku Linda amene anzake amuyamikira pa Facebook ali kutali kwambiri ndi miliyoni.

Conco woimba wa mu Zambia amene wapeza bwino amadyera makamaka pa nsanja. Yo Maps anaonetsa zimenezi mu 2023 pamene anakokera khamu lalikulu ku National Heroes Stadium mu Lusaka pokhazikitsa cimbale ca Try Again. Macky 2 ndi Slapdee anatsegula makampani aoao, Kopala Swag ndi XYZ, n'kumajambula oimba ena, kumene kuli kucoka pa ganyu n'kukhala mwini munda. Koma matikiti okha sakwanitsa kulipira bwalo, zokuzira mau, magetsi ndi apolisi. Pamafunika wothandiza ndi ndalama, ndipo amene ali ndi thumba lalikulu m'dziko muno ndi makampani a mafoni, a mowa ndi a njuga. Cikondwerero ca mu Livingstone cija cili ndi dzina la mowa wa Zambian Breweries. Sindikunena izi monyoza kampaniyo, imene imacita malonda ake poyera ndipo amayi ogulitsa zakudya ndi oyendetsa mataxi amapindula nao masiku amenewo. Ndikunena kuti mwana wathu adziwe kuti kampani siigula nyimbo, imagula anthu amene amatsata woimbayo. Pa nkhani ya njuga, anthuwo ndi anyamata omwe aja amene amabeca ndalama ya ufa pa mpira wa ku England.

Thumba lina ndi la ndale. Donchi Kubeba ya malemu Dandy Krazy inayenda ndi cipani ca PF mpaka kupambana mu 2011, ndipo Dununa Reverse ya JK ndi anzake inacita cimodzimodzi mu 2016. Nthawi ya masankho ndi masika kwa oimba, ngakhalenso ena oimba nyimbo zauzimu. Vuto lake n'lakuti woimba amagawa omvera ake pawiri, ndipo cipani cikagwa mafoni oitanira ku makonsati amacepa. Woimba wotsutsa boma naye amalipira mtengo wake: Pilato anathawira ku South Africa cifukwa ca nyimbo ya Koswe Mumpoto, ndipo mu December 2019 anamangidwa muno mu Livingstone akucititsa msonkhano wa acinyamata.

Tsopano tibwere ku nyumba yathu, pakuti ife a mipingo si oonerera cabe. Oimba ambiri a dziko lino anaphunzira kuimba m'kwaya ndi kuliza kiyibodi m'chalichi. Ndife sukulu ya nyimbo yaikulu koposa mu Zambia, yosalipiritsa. Koma tikaitana woimba ku msonkhano wa citsitsimutso kapena wosonkhetsa ndalama zomangira, timalipira tenti, mafuta a jenereta ndi motoka ya mlaliki, woimbayo n'kumupatsa mbale ya nsima ndi mau akuti Mulungu akudalitseni. Nyimbo zake timaziseweretsa pa zokuzira mau kucokera pa fulashi imene wina anakopera pa msika. Ndiye akakaimba pa nsanja ya kampani ya mowa timati wabwerera m'mbuyo. Mu Nehemiya caputala 13 muli nkhani yofanana: Alevi ndi oimba a m'kacisi atasiya kulandira gawo lao, aliyense anabwerera ku munda wake, ndipo Nehemiya sanadzudzule oimbawo koma atsogoleri.

Za zimbale za makwaya athu ndiye zimandidetsa nkhawa koposa. Amayi amaphika zitumbuwa, acinyamata amatsuka mamotoka, ndalama zikakwana kwaya imalowa mu situdiyo. Palibe pepala lolembedwa. Patapita caka nyimbo zija zimapezeka pa YouTube pa tsamba la mwini situdiyo, ndipo kandalama kalikonse kamene zingabweretse kamapita kwa iye. Nthawi zina mphunzitsi wa kwaya amene anapeka nyimbo zonse amasamukira ku mpingo wina, mkangano n'kubuka: nyimbozi ndi zake kapena za mpingo? Ndinaonapo kwaya ina ikugawanika pa nkhani yotere, anthu amene anaimba limodzi zaka khumi n'kuleka kupatsana moni. Akamwalira wopekayo, mkazi wake ndi ana, amene lamulo limawapatsa zaka 50, sadziwa n'komwe kuti pali coti afunse.

Maganizo anga ndi akuti kwaya isalowe mu situdiyo popanda pangano la tsamba limodzi, losainidwa ndi mlembi wa mpingo, wopeka nyimbo ndi mwini situdiyo. Lichule dzina la wopeka nyimbo iliyonse, linene kuti cojambulidwa ndi ca yani, kuti mafailo oyambirira adzaperekedwa kwa mpingo nchito ikatha, ndiponso kuti amene adzaika nyimbo pa intaneti ndi ndani, pa tsamba liti. Wopekayo athandizidwe kulembetsa ku ZAMCOPS. Pa bajeti ya msonkhano uliwonse pakhale mzere wa oimba, ngakhale ndalama yake ikhale yocepa, ndipo ulembedwe pamodzi ndi wa tenti ndi wa jenereta, makalata oitanira anthu asanatumizidwe.