CHENJEZO: Musawagoneke agogo masabata, ndipo musawagulire "stem cell" ya m'paketi

Inu nonse amene mukusamalira okalamba, tamverani. Agogo akadwala malungo, chibayo, kapena akagwa pakhomo, timawagoneka pamphasa, kuwabweretsera phala pomwepo, n'kuwaletsa ngakhale kupita okha kuchimbudzi. Chifundo chimenechi chikuwatha miyendo. Pa kafukufuku wa mu 2007 ku America, anthu athanzi a zaka za m'ma 60 anagonekedwa pabedi masiku 10 okha, ndipo anadzuka atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Nanga wodwala kale wa zaka 80?

Gwero lake lili mkati mwa mnofu momwemo. M'mbali mwa ulusi wa mnofu mumakhala timaselo togona totchedwa satellite cells, timene Alexander Mauro anatiwona mu 1961 poyang'ana mnofu wa chule. Mnofu ukang'ambika timadzuka, kuswana, n'kukonza pong'ambikapo. Koma sitidzuka tokha, timadikira uthenga. Munthu akamakalamba, uthenga wodzutsa wotchedwa Notch umafooka, pomwe wa Wnt ndi TGF-beta umakula mphamvu, ndiye pamalo oyenera kumera mnofu watsopano pamabwera chipsera cholimba ndi mafuta. Amisiri alipo ndithu, koma belu lowaitanira kuntchito likulira motsitsa. Kutha kwa mnofu kumeneku madokotala amakutcha sarcopenia, ndipo kumayamba pang'onopang'ono munthu akangopitirira zaka 30.

Apa ndi pamene akathyali alowerapo, potengera kafukufuku wa mbewa. Mu 2005, Irina Conboy ndi Thomas Rando ku Stanford University analumikiza thupi la mbewa yokalamba ndi la yaing'ono kuti magazi aziyendera limodzi, ndipo timaselo ta yokalambayo tinayambanso kukonza mnofu. Zinali mbewa, m'labotale. Koma patapita zaka, ku America kunayamba malonda othira anthu madzi a m'magazi a achinyamata pa mtengo wa madola 8,000 lita imodzi, mpaka bungwe la FDA linachenjeza mu February 2019 kuti palibe umboni woti zimathandiza, komanso kuti zikhoza kuvulaza.

Kuno kwathu malondawa amabwera pa WhatsApp ndi Facebook: ufa wa m'timapaketi wolembedwa "stem cell", akuti umabwezera unyamata. Maselo a chipatso amene akuti ali mu ufawu sangasanduke mnofu wa munthu, ndipo akamezedwa amagayidwa m'mimba. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amafika posiyitsa agogo mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV chifukwa cha ufawu. Musayerekeze.

Chimene chinayesedwa n'kuoneka kuti chimathandiza n'kugwiritsa ntchito mnofuwo. Mu 1990 ku Boston, Maria Fiatarone anaphunzitsa okalamba a zaka pafupifupi 90 kukweza zolemera ndi miyendo kwa masabata 8, ndipo mphamvu zawo zinaposa kuwirikiza kawiri.

Choncho dokotala akangolola, adzutseni agogo tsiku lomwelo. Akhale pampando wolimba, aimirire, akhalenso, kangapo m'mawa ndi madzulo, wina atawagwira mkono. Ayende ndi ndodo kufika kukhitchini, mawa kufika kumpanda. Ngati amasesa kapena kupalira padimba, musawalande tsache kapena khasu. Phala lokha silikwanira: tsirani nsinjiro kapena ufa wa soya, ndipo pa nsima pakhale usipa, nyemba kapena dzira, chifukwa mnofu wokalamba umafuna zomanga thupi zochulukirapo kuti umve. Amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa kuchipatala.

Koma mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka mwadzidzidzi, pakamwa pakapotoka, kapena mawu akayamba kusamveka, umenewo si ukalamba. Ikhoza kukhala sitiroko. Thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.