ZA M'MAIKO ENA: Cisoti Cobvala ndi Kilt ya ku Scotland

Masiku ano ana athu ambiri ali ku Britain, ena pa maphunziro ku Edinburgh, Glasgow ndi Aberdeen, ena pa nchito ya unamwino ndi udokotala. Akaitanidwa ku ukwati, kapena iwo eni akamakwatira kumeneko, amatumiza kwa makolo zithunzi zimene zimautsa mkangano pa bwalo, pakuti mwana wamwamuna amaoneka ngati wabvala siketi. Owerenga anzanga, cobvala cimeneci si siketi iai. Dzina lace ndi kilt, ndipo ndico cobvala caulemu ca amuna a ku mapiri a kumpoto kwa Scotland. Amacisoka ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa yokwana mayadi 8, imene amaipindapinda kumbuyo, ndipo cimalekeza m'maondo. Mizere yace yopingasana, yochedwa tartan, kawirikawiri imasonyeza pfuko la mwini wace.

Kilt yokha siribvuta, cifukwa alipo masitolo amene amabwereketsa kwa tsiku limodzi pamodzi ndi jekete, masokosi ndi kacikwama kolendewera kutsogolo. Pamene mlendo angacite manyazi ndi pamutu. Cisoti ca ku Scotland cimalankhula, ndipo munthu angathe kudzicha mfumu kapena msilikari iye osadziwa.

Kuti timvetse bwino tiyambe tabwerera m'mbuyo. Anthu a ku mapiri aja atagonjetsedwa pa nkhondo ya ku Culloden m'caka ca 1746, boma la ku London linakhazikitsa lamulo loletsa amuna a kumeneko kubvala kilt. Wolakwa koyamba anali kukhala m'ndende miyezi 6, ndipo wobwereza anali kutumizidwa kutsidya kwa nyanja zaka 7. Koma lamulolo silinakhudze asilikari a mfumu. Linafafanizidwa mu 1782, ndipo mu 1822 Mfumu George IV inaonekera ku Edinburgh itabvala kilt. Pa zaka za ciletso zija asilikari ndiwo anasunga cobvalaci poyera, ndipo ici ndico cifukwa cace zisoti zambiri zimene zimayenda ndi kilt ziri ndi fungo la usilikari kufikira lero.

Kholo la zisoti zonsezi ndi cisoti cobiriwira coluka ndi ubweya, cimene alimi ndi abusa a nkhosa anali kubvala kale, ndipo midzi ya Kilmarnock ndi Stewarton inachuka ndi nchito yociluka. Mwana wace weniweni ndi Balmoral, dzina lotengedwa ku nyumba yacifumu imene Prince Albert anagulira Mfumukazi Victoria mu 1852. Nciwisi m'manja ngati bulangeti, cafulati pamwamba, pakati pace pali kampira ka ubweya, kawirikawiri kofiira, ndipo kumbuyo kuli timaliboni tiwiri timene ambiri amatimanga mfundo. Pobvala amacikokera ku dzanja lamanja, kuti mbali ya kumanzere, kumene kumakhala baji, iimirire. Kwa munthu wamba, makamaka mlendo, ine ndinena mosakayika kuti ici ndico coyenera. Asankhe cakuda, cobiriwira kwambiri kapena cotuwa, cogwirizana ndi jekete yace.

Cina ndi Glengarry, cooneka ngati bwato lobvundikira, cokhala ndi mpata pakati kucokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndi maliboni olendewera pakhosi. Ubwino wace ngwakuti cimapindika nkulowa m'thumba. Palibe lamulo loletsa munthu wamba kucibvala, koma maso a anthu anazolowera kuciona pamutu pa asilikari ndi oyimba zitoliro za thumba zija. Wocibvala pa ukwati asadabwe ena akamufunsa kuti citoliro cace wacisiya kuti. Cisoti cacitali ca nthenga za nthiwatiwa, cimene timaciona pa zithunzi za perete, nca magulu oyimba ndi asilikari basi, ndipo sitidzataya nco nthawi.

Zina mwa zisotizi ziri ndi mkombero wa timabokosi tofiira ndi toyera. Apa pali kankhani kotikhudza. Percy Sillitoe, amene anagwirako nchito ya upolisi muno dziko lino likali kuchedwa Northern Rhodesia, atakhala mkulu wa apolisi ku Glasgow anaika mkombero wa timabokosi takuda ndi toyera pa zisoti za apolisi ace mu 1932, potengera zisoti za asilikari a ku Scotland. Lero apolisi a maiko ambiri ali nao mkombero umenewu. Mlendo angacite bwino kutenga cisoti copanda timabokosi.

Ciriponso Tam o' Shanter, cacikulu ndi cotambalala, cimene cinatenga dzina ku ndakatulo ya Robert Burns ya mu 1790. Nca ku maseWera ndi ku ulendo wa m'mapiri. Koma cenjerani ndi mtundu wina umene amagulitsa kwa alendo m'misewu ya ku Edinburgh, wosokereredwa tsitsi lofiira labodza. Cimeneco nca nthabwala za ocemerera mpira, ndipo kulowa naco pa ukwati nkunyoza eni mbumba.

Tsono tifike pa nkhani yaikulu, ya baji ndi nthenga. Anthu a ku mapiri a Scotland ali ndi mapfuko, monga a Campbell, a MacDonald ndi a Mackenzie, ndipo mapfuko ambiri ali ndi mfumu yace. Ku Edinburgh kuli bwalo la mkulu wochedwa Lord Lyon, limene limaweruza za zizindikiro za maufumu ndi kubvomereza amene ali mfumu ya pfuko. Cizindikiro cimene ciri pa baji ndi cuma ca mfumu. Munthu wa m'pfukomo amaloledwa kucibvala pokhapo citazunguliridwa ndi cithunzi ca lamba womanga, ndipo lambayo ndiye anena kuti, ine ndine wotsata cabe. Mfumu yokha imabvala cizindikiro cace m'mkombero wopanda lamba.

Kumbuyo kwa baji ndiko kumasomekedwa nthenga za ciombankhanga, ndipo mwambo wace ngwodziwika: zitatu nza mfumu ya pfuko lonse, ziwiri nza mfumu ya nthambi ya pfuko, imodzi nja munthu amene bwalo lija linampatsa cizindikiro cacecace. Wina aliyense alibe nthenga. Inu a kuno simufunika kukufotokozerani zambiri, pakuti mudziwa cimene cingacitike ngati mnyamata wofika dzulo atakhala pa mpando wa mfumu pa bwalo la milandu. A ku Scotland sadzamlipiritsa mbuzi, koma adzamuyang'ana ndi diso limene sadzaliiwala. Ndiponso ciombankhanga ca kumeneko ncotetezedwa ndi lamulo la 1981, kotero kuti nthenga zace si za pa msika. Cimodzimodzi kanthenga kofiira ka asilikari a Black Watch: nka iwo amene anatumikira m'gulu limenelo.

Nanga mkamwini wocokera ku Katete kapena ku Petauke, amene alibe pfuko ku Scotland, abvale baji yanji? Njira njomwe ija tiidziwa. Afunse apongozi ace. Mabanja ambiri amakondwera mkamwini akabvala tartan ndi baji ya pfuko la mkazi wace, malinga wapempha. Ngati ali woitanidwa cabe, cisoti cikhale copanda baji ya pfuko, ndipo ziripo tartan zina zimene munthu aliyense angabvale.

Cisoti nca panja. Polowa m'chalichi kapena m'nyumba mwamuna amabvula, kupatula woyimba citoliro ali pa nchito yace. Pa madyerero a usiku, pamene amuna amabvala jekete yaifupi yakuda ya mabatani asiliva yochedwa Prince Charlie, cisoti sicifunika konse. Kunena zoona, pa maukwati a masiku ano amuna ambiri a ku Scotland amayenda mutu uli pamtunda, ndipo palibe amene amawadzudzula. Ngakhale David Livingstone, amene anabadwira ku Blantyre ya ku Scotland mu 1813 ndi kumwalira kwa Chitambo mu 1873, sitimdziwa ndi Balmoral kapena kilt. Iye anakulira ku cigwa ca kumwera, ndipo zithunzi zimamuonetsa ndi kapu ya mlomo yokhala ndi mkombero wagolide. Za kapu ya nsalu ya tweed eni ace amatsutsana, ena ati iyenera masana, ena ati nja Angerezi. Kapu ya mpira yokhala ndi malemba, imeneyo itsale kunyumba.

Tikumbukenso kuti zisotizi zinalukidwira mphepo ndi mvula ya ku mapiri. Mkamwini wa ku Scotland akabwera kudzaonekera kwa makolo ku Chipata m'mwezi wa October atabvala kilt, musamkakamize cisoti ca ubweya. Cipewa ca mlaza ca mlomo waukulu cidzamthandiza koposa, monga amacitira anzace pa masewera a mapfuko ku Australia ndi ku America.

Wogula Balmoral ayeze mutu wace ndi tepi pamwamba pa makutu, pakuti cisoti cacikulu cimagwera m'maso ndipo cacing'ono cimauluka ndi mphepo. Catsopano cimaima njo ngati mbale. Asilikari amacibviika m'madzi, nkucifinya pang'ono, nkucibvala cikali conyowa atacikokera kumanja, kufikira ciumire pamutu pomwepo.