Galu wa ku Nkolokosa si galu wa ku London

Loweruka lina m'mawa msewu wathu kuno ku Nkolokosa unadzaza ana ndi agalu. Wina wamanga wake ndi chingwe cha khonje, wina ndi lamba wakutha wa bambo ake, kamtsikana kena kasenza katoni momwe munali tiagalu tiwiri tikulira. Onse ankalowera kusukulu ya pulayimale komwe a zaziweto ankabaya katemera wa chiwewe mwaulere. Aneba anga anali chilili pageti, manja kumbuyo, Tayiga wawo ali gone pamthunzi wa mpapaya.

"Aneba, nanga Tayiga sapita?" ndinafunsa.

"Ameneyu tinabayitsa kale chaka chatha," iwo anatero. "Mwana wanga wa ku Mangalande wandiuza kuti kumeneko madokotala a ziweto anasiya zobaya galu chaka ndi chaka. Akuti kamodzi pa zaka zitatu n'kokwanira. Zinazi n'kungomuzunza galu."

Maganizo amenewa ndawamvanso m'minibasi ya ku Limbe, ndawamva pamaliro, ndipo akufala makamaka pakati pa anthu opita kusukulu, amene ali ndi abale kunja. N'chifukwa chake ndati ndiwayankhe poyera, asanafike m'makutu mwa iwo amene amagawa ndalama za boma, chifukwa kumeneko nkhani yochepetsa ntchito sachita kuibwereza kawiri.

Mwana wa aneba anga sananame. Bungwe la madokotala a agalu ndi amphaka padziko lonse, WSAVA, limalangizadi kuti galu wamkulu amene analandira bwino katemera ali mwana asamabayidwe chaka chilichonse katemera wa matenda monga parvo ndi distemper. Zaka zitatu zikhoza kudutsa. Ngakhale katemera wina wa chiwewe amalembedwa kuti mphamvu yake imafika zaka zitatu, ndipo madera ambiri a ku America amavomereza zimenezo. Ndilibe nazo mkangano. Koma malangizo alionse amakhala ndi kwawo. Ku Britain chiwewe cha agalu chinatha m'zaka za m'ma 1920. Galu wa ku London ali ndi kabuku kake kakuchipatala, amagona m'nyumba, amatuluka ali pachingwe, ndipo ambiri anawatseka kuti asabereke. Amakalamba mpaka kuchita imvi kukamwa. Agalu onse amene angakumane nawo kupaki nawonso ali ndi timabuku tawo.

Nanga Tayiga? Usana amagona pampapaya, usiku amamasulidwa kuti alondere. Mpanda wa aneba uli ndi chiboo kumbuyo chomwe aliyense amachidziwa. Ikakwana nthawi yokwerana, mumamva nokha chipwirikiti cha agalu ochokera ku Zingwangwa, ku Chitawira, ku Manja ndi m'munsi mwa phiri la Soche, akulumana padzala mpaka mbandakucha. Palibe amene amafunsa mnzake khadi pamenepo.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, poyerekeza chabe, ndi agalu a mumsewu umodzi. Tinene kuti alipo 10, ndipo lero tabayitsa 7. Chaka chisanathe, mmodzi mwa obayidwawo wagundidwa ndi galimoto, wina akuba amupatsa nyama ya tameki, wina mwini wake wamutumiza kumudzi ku Thyolo kuti akalondere nkhokwe. Pa nthawi yomweyo galu wamkazi waswa ana asanu ndi mmodzi, atatu afa, atatu akula. Agalu akadali 10 mumsewu muja, koma otetezedwa atsala 4. Chaka chachiwiri zikabwerezeka, mwina atsala awiri. Pofika chaka chachitatu, chomwe aneba anga akuti ndiye tidzabayitsenso, agalu a mumsewumo ndi ena ndithu, ndipo ambiri jekeseni sanaionepo chibadwire. Katemera uja analidi wa zaka zitatu, koma agalu amene anamulandira sanafike zaka zitatuzo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'dera momwe muli chiwewe muzibayidwa agalu osachepera 70 pa 100 alionse. Nambala imeneyi sanangoitola. Kafukufuku amene Katie Hampson ndi anzake anachita ku Tanzania, yemwe anatuluka mu 2009, anaonetsa kuti galu mmodzi wachiwewe kawirikawiri amapatsira agalu osafika awiri, choncho matendawa amazilala ngati gawo la agalu otetezedwa silitsika kupyola pakati pa 20 ndi 45 pa 100 alionse. Timayambira pa 70 n'cholinga choti imfa ndi kuswana zikamadya chiwerengerocho miyezi 12 yonse, obaya akamabweranso tikhale tisanagwere pansi pa mzerewo. Mukatalikitsa nthawi kufika zaka zitatu, masamu onse aja agwa.

Wina anena kuti, chabwino, bayani ana agalu ndi agalu achilendo, koma Tayiga wanga musiyeni poti ngwotetezedwa kale. Ndifunseko: khadi lake lili kuti? Makadi ambiri a chaka chatha ananyowa ndi mvula, ena ana anakutira makope, ena tinayatsira mbaula. Wobaya amene waima pabwalo la sukulu, agalu mazana ali pamzere, alibe njira yodziwira amene magazi ake akadali ndi chitetezo. Komanso agalu athu ambiri ndi oonda, odzaza njoka zam'mimba ndi nkhupakupa, okulira madeya ndi mikute. Thupi lotere silimanga chitetezo champhamvu nthawi zonse ndi jekeseni imodzi. Kubwereza kumatseka mpata umenewo. Choipa chomwe jekeseni yobwerezayo imabweretsa nthawi zambiri ndi kachotupa pamalo obayidwa kapena kufooka kwa tsiku limodzi. Muike zimenezo mbali imodzi ya sikelo, mbali inayo muike mwana wa sitandade 2.

Ndikuti mwana chifukwa ndiye amafa. WHO imati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Mwana ndiye amaseweretsa kagalu, ndiye wamfupi moti galu amamuluma kumaso kapena m'khosi, kufupi ndi ubongo, ndiyenso amabisa bala poopa kukalipiridwa kunyumba.

Ife a mu Blantyre sitifunika kuuzidwa ndi alendo za zimenezi. Mu 2007 Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth: mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda ogwira ubongo, 14 chinali chiwewe. Choopsa kwambiri, mwa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo aakulu, atatu anapezeka kuti chinawapha ndi chiwewe. Ndiye kuti m'manda athu muli ana amene mpaka lero makolo awo amati anapita ndi malungo, kapena amaloza chala agogo ena kuti anawalodza, pomwe chinayamba ndi kabala kakang'ono pamwendo miyezi iwiri m'mbuyomo.

Amene anaonapo munthu akufa ndi chiwewe safuna kukambanso. Ludzu limamupha koma akaona kapu ya madzi khosi limakanika, thupi lonse n'kunjenjemera. Kamphepo kakangomukhudza amadzidzimuka ngati wapsa. Pakati pa zonsezo amatha kutsitsimuka n'kuwazindikira amayi ake, n'kuwafunsa chomwe chikumuchitikira. Zizindikiro zikangoyamba palibe dokotala, wa ku Queens kapena wa ku London, amene angamubweze.

N'zimene zinachititsa kuti mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto komanso Blantyre SPCA, liyambe katemera wa mzinda wonse. M'masiku 20 okha anabaya agalu oposa 35,000, pafupifupi 79 pa 100 alionse a mumzinda uno. Ankaima m'masukulu Loweruka ndi Lamulungu, kenaka n'kuyenda khomo ndi khomo, galu aliyense wobayidwa n'kumupaka utoto pamutu. Anabweranso chaka chotsatira, ndi chinzake. Ana ofika ku Queens ndi chiwewe anachepa kwambiri. Lero aneba anga akhoza kuima pageti n'kunena kuti katemera wachuluka chifukwa chakuti papita nthawi osamva maliro a chiwewe m'dera lino. Bata limeneli analigula ndi jekeseni zomwe akuzikanazo.

Ine ndinaphunzira ndi mwana wa mlongo wanga. Kagalu kachilendo kanamukanda ndi mano pachala akukapatsa fupa, madzulo ena a Lachisanu. Tinatsuka balalo ndi sopo pampopi kwa mphindi 15 monga amalangizira, mnyamata akulira kuti sopo akuwawa kuposa galu. Kuchipatala funso loyamba la anamwino linali lakuti, "Galuyo ngwandani, ndipo anabayidwa?" Panalibe woyankha. Kagaluko sikanaonekenso, choncho zoti tikasunge masiku 10 n'kuona ngati kadwale sizikanatheka. Katemera wa anthu tsiku limenelo kunalibe. Tinayenda zipatala zitatu, ndipo komwe tinamupeza kunali kolipira, ndalama yake yoposa ya lendi ya mwezi umenewo, kuonjezapo maulendo obwerera kukamaliza jekeseni zotsala. Mwanayo ali moyo, ali ku sekondale. Koma usiku umene uja ndinkangoganiza za mayi wogulitsa tomato pamsika wa Zingwangwa: akanakhala iye, ndalama imeneyo akanaitenga kuti? Akanatsuka bala, n'kupemphera, n'kudikira.

Kwa iwo amene nkhawa yawo ndi ndalama, yankho lilipo kale, ndipo linapezeka mumzinda mommuno. Ofufuza ataona kuti anthu ambiri salola kuyenda ndi galu mtunda wopitirira pafupifupi mamita 800, anachulukitsa malo obayira kuti akhale pafupi ndi makomo. Mu 2018 ntchito yomwe inkatenga masiku 20 inatha m'masiku 11, agalu obayidwa n'kupitirirabe 70 pa 100 alionse. Kupulumutsa ndalama kwanzeru n'kumeneko: kuchepetsa masiku ndi mafuta a galimoto, chaka osachidumpha. Dziko la Mexico, lomwe WHO inalivomereza mu 2019 kuti lathetsa imfa za anthu zochokera ku chiwewe cha agalu, linafika pamenepo pobaya agalu mamiliyoni chaka ndi chaka kwa zaka zambiri osatopa. Palibe dziko lomwe linachigonjetsa pobaya mwa apo ndi apo.

Palinso zonena zina zomwe zimabisala kumbuyo kwa nkhani ya zaka zitatuyi. Ena amati galu akabayidwa amazizira, sauwanso akuba. Anyamata osaka mbira ndi akalulu amati amataya liwiro. Bodza lenileni. Agalu apolisi amabayidwa, ndipo sindinamvepo wakuba akuwayamikira kuti ngofatsa. Ena amati njira yachidule n'kungowombera agalu oyendayenda. Takhala tikuwombera kuyambira kale, chiwewe osatha, chifukwa mfuti sisankha: imapha ndi obayidwa omwe, ndipo mwini galu mawa lake amakatenga kagalu kena kosabayidwa. Agalu ambiri amene timawatcha osokera mu Blantyre ali ndi eni ake. Amangokhala kuti atuluka pachiboo chonga cha aneba anga.

Mantha anga aakulu ali apa. Ntchito yaikulu ya katemerayu yakhala ikuyenda ndi thandizo la mabungwe akunja, ndipo taona ndi maso athu m'zaka zapitazi momwe thandizo lotere limathera usiku umodzi. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Ngati aphungu athu ndi khonsolo ya mzinda wa Blantyre akuikhulupirira mfundo imeneyo, katemera wa agalu wa chaka ndi chaka akhale ndi mzere wakewake m'bajeti, osati kudikira alendo. Pa 28 September, tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tisamangovala malaya olembedwa mauthenga n'kujambulitsa. Atiuze agalu angati abayidwa ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni ndi kuno kwathu. Mafumu a m'matauni, makhansala, abusa ndi mashehe alengeze tsiku la katemera monga momwe amalengezera za makuponi a fetereza. Ndipo ife akuluakulu tileke kutuma ana okha. Galu wolusa, yemwe ndiye woyenera kubayidwa msanga, mwana wa zaka 9 sangamukoke mpaka kusukulu, choncho amatsala pakhomo chaka chilichonse.

Amene ali ndi galu wam'nyumba, wampanda wanjerwa wopanda chiboo, wa kabuku kosungidwa bwino, akakambirane ndi dokotala wake wa ziweto za parvo ndi matenda enawo. Kumeneko zaka zitatu zikhoza kumveka. Koma pa chiwewe, mumzinda momwe matendawa akadalipo, tsiku la katemera likafika galu aliyense apite, ndi tiana tomwe.

Loweruka lija ndisanachoke pageti ndinawafunsa aneba funso limodzi. Tayiga anaswa ana asanu mwezi wa February. Awiri anapita ku Chilobwe, mmodzi ku Chimwankhunda, mmodzi anagulidwa ndi mlonda wina wa ku Limbe, wotsalayo ndi uja amathamangitsana ndi zidzukulu zawo pabwalo madzulo alionse.

"Aneba, mwana wanu wa ku Mangalande uja anati chiyani za ana a Tayiga?"

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana kagaluko kakutafuna patapata wa mdzukulu wawo. Kenaka anaitana mkati: "Iwe, tabwera nacho chingwe chija."