Mlandu wa a Thibodeau: ntchito ya anthu khumi, ogwira asanu

Amayi ndi abambo a m'misika, sabata ino ndati tipumuleko za mpira wa miyendo, tiwoloke nyanja tikaone basketball ya ku America, ligi ija amaitcha NBA. Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti zakutali zotere zitipindulira chiyani, poti ngakhale pa kanema zimaoneka pakati pa usiku ife tili mtulo, kukonzekera kulawirira kokapikula. Dekhani. Aliyense amene analembapo mnyamata waganyu nkhani iyi aimva bwino lomwe, chifukwa funso lake ndi limodzi: munthu wolimbikira ntchito, wosakana ukamutuma, umamugwiritsa mpaka pati?

Ndiyambe ndafotokoza kayendedwe ka mpirawu, poti ambirife tinazolowera wa miyendo ndi wa ntchemberembaye. M'bwalo mumalowa anthu asanu mbali iliyonse, koma timu imakhala ndi osewera 15. Masewero amatenga mphindi 48, zigawo zinayi za mphindi 12. Musaderere kuti nzochepa. Mpira ukaima wotchi nayo imaima, ndiye mphindi zonsezo nzothamanga, kudumpha ndi kukankhana basi. Timu ikagwira mpira ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye, palibe zoyenda chamyang'ama ngati m'mene amachitira otchinga kumbuyo athu aja akamateteza chigoli chimodzi. Koma kusiyana kwakukulu nkwakuti wosewera akatuluka amaloledwa kubwereranso, kangati konse kochi angafune.

Ndiye werengani nane. Malo asanu, mphindi 48, zonse pamodzi mphindi 240. Umenewo ndiye mpamba wa kochi usiku uliwonse. Akhoza kuugawa kwa anthu khumi, aliyense nkudyako, kapena kuukhuthulira anthu asanu ndi awiri ena ongopumulitsa anzawo. Ndipo masewero ake si a Loweruka ndi Lamulungu lokha ayi. Timu iliyonse imasewera ka 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, nthawi zina lero mzinda uno, mawa mzinda wina, kugona kwake m'ndege. Zikatha zimenezo mpamene ntchito yeniyeni imayamba: matimu 16 amalowa m'ndime ya chipulula, awiriawiri, woyamba kupambana kanayi ndiye amapitirira. Kuti utenge chikho uyenera kupambana ka 16, ndipo umakhala wafika mu Juni.

Tsono alipo mkulu wina, a Tom Thibodeau, amene dzina lawo limatchulidwa paliponse anthu akamatsutsana za nkhaniyi. Si kochi wamasewera bamboyu. Anasankhidwapo kawiri kukhala kochi wopambana onse mu ligi, mu 2011 ali ku Chicago Bulls ndi mu 2021 ali ku New York Knicks. Koma ali ndi khalidwe limodzi: akamukonda wosewera samutulutsa. Ku Chicago, Luol Deng, mwana wa ku South Sudan uja, anatsogola ligi yonse pa kuchuluka kwa mphindi zaka ziwiri zotsatizana. Mu 2013 Jimmy Butler anasewera mphindi zonse 48 masewero atatu otsatizana a m'chipulula, osakhalako pansi ngakhale kamodzi.

Chimene anthu a ku Chicago sadzawakhululukira chinachitika pa 28 Epulo 2012. Bulls inali itamaliza ligi pamwamba pa matimu onse a chigawo chakum'mawa, ndipo inali ndi Derrick Rose, mnyamata amene chaka chapitacho anasankhidwa kukhala katswiri wa ligi yonse ali ndi zaka 22 zokha. Tsiku loyamba la chipulula, Bulls ikutsogola Philadelphia ndi mapointi 12, kwatsala mphindi imodzi ndi masekondi 22. Kwathu kuno ndiye nthawi ija anthu amayamba kutuluka m'bwalo kuthamangira minibasi. Rose anali akadali m'bwalo. Anadumpha, nkugwira bondo lakumanzere, nkugwa. Mtsempha wa m'bondo unali utaduka. Bulls inatuluka m'ndime yoyamba yomweyo pogonja kwa timu imene inalowa m'chipulula ili nambala 8, Rose anakhala chaka chonse chotsatira osaponda m'bwalo, ndipo sanabwererenso pa msinkhu uja.

Pofuna chilungamo ndinene kuti chaka chimenecho Rose sanatope ndi mphindi, poti anajomba masewero ambiri ndi zovulala zina. A Thibodeau anadziteteza kuti Philadelphia inali itayamba kubweza mapointi. Chabwino. Koma munthu wongochira kumene, mpira watha kale, amafunanji m'bwalomo? Ine pamenepa ndiye sindiwamvetsa.

Kutopa kwa mu basketball sikubisika kwa amene amaonetsetsa. Kumayambira m'miyendo. Mpira woponya patali mphamvu yake imachokera m'mawondo, ndiye munthu akatopa mipira yake imayamba kuperewera, kumangogunda chitsulo chakutsogolo. Kenako amachedwa phazi limodzi potchinga, ndipo poti wachedwa amagwira ndi manja, oyimbira nkumuimbira. Pomaliza mutu nawo umatopa: kupatsira mdani, kuiwala munthu wako. Zonsezi zimatulukira m'chigawo chachinayi, nthawi imene mpira umagamulidwa. Achikulire ena amati ana a masiku ano ngofooka, mbuyomu Wilt Chamberlain mu 1961 mpaka 1962 anasewera pafupifupi mphindi iliyonse ya chaka chonse. Nzoona. Koma nthawi imeneyo chimphona chinkaima pafupi ndi dengu kudikira mdani. Lero ngakhale wamtali kuposa onse ayenera kuthamangira kunja kukatchinga oponya mapointi atatu, nkubwereranso.

Taonani zimene zinachitikira Knicks mu 2024. Inakumana ndi Indiana Pacers m'ndime yachiwiri nkupambana masewero awiri oyamba. Josh Hart anasewera mphindi zonse 48 masiku onse awiri, masapota a ku New York nkumamuimbira m'manja kuti uyu ndiye mwamuna. Koma tsiku lachiwiri lomwelo OG Anunoby anakokeka mnofu wa kuntchafu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi Hart mwini wake anavulala mnofu wa pamimba. Pofika masewero omaliza pa 19 Meyi, pakhomo pawo penipeni pa Madison Square Garden, timu inali ngati wodi ya kuchipatala. Jalen Brunson anathyoka dzanja tsiku lomwelo, ndipo Indiana inawakwapula 130 kwa 109, kugoletsa m'mene ikufunira ngati palibe wotchinga. Kochi wa Indiana, a Rick Carlisle, anali kusinthasintha anyamata ambiri nkuwauza kuti thamangani mpaka awa atope. Anatopadi.

Tsopano mverani za mkulu wina wa maganizo osiyana, a Gregg Popovich a ku San Antonio Spurs. Pa 29 Novembala 2012 timu yawo inali ndi masewero ku Miami, achinayi m'masiku asanu, oonetsedwa pa kanema dziko lonse. Iwo anangotenga akatswiri awo, Tim Duncan, Tony Parker, Manu Ginobili ndi Danny Green, nkuwakweza ndege kuti kazipitani kwanu mukagone. Mkulu wa ligi nthawi imeneyo, a David Stern, anapsa mtima nkuilipitsa timuyo madola 250,000. A Popovich khalidwe sanasinthe. M'chaka cha 2013 mpaka 2014 panalibe wosewera wa Spurs ngakhale mmodzi amene mphindi zake zinafika 30 pa masewero, ukawerengera chaka chonse. Komabe anapambana ka 62, kuposa timu ina iliyonse.

Phindu lake linaoneka mu Juni 2014 pokumana ndi Miami ya LeBron James m'ndime yomaliza. Tsiku loyamba makina oziziritsa mpweya m'bwalo la ku San Antonio anawonongeka, m'katimo nkutentha ngati ku Nsanje mu Okutobala. LeBron, munthu wamphamvu kuposa onse m'bwalomo, miyendo inamukungana m'chigawo chachinayi mpaka anachita kumunyamula. Spurs inangopitiriza kulowetsa ena, kutulutsa ena, nkupambana 110 kwa 95. Chikho anatenga popambana kanayi, kugonja kamodzi, Duncan ali ndi zaka 38. Toronto nayo inatengera nzeru yomweyi mu 2019: Kawhi Leonard anamuseweretsa masewero 60 okha mwa 82 aja, ndipo pofika Juni ndi iyeyo anawanyamulira chikho.

Mpaka apa wina ati basi mlandu watha, a Thibodeau ngolakwa. Linda madzi apite. A Popovich omwewo, chaka chimodzi chisanafike chikho chija, mu 2013, anali atatsala masekondi ochepa kuti atenge chikho pa Miami yomweyo. Mwa kuchenjera kwawo kosinthasintha anamutulutsa Duncan, wamtali wawo wodalirika. Mpira unagunda chitsulo nkubwerera, Chris Bosh wa Miami anaudumphira popanda womuletsa nkupatsira Ray Allen, iye nkuponya mapointi atatu ofananitsa. Spurs inagonja tsiku limenelo, nkugonjanso lotsatira, chikho nkupita. Ndiye kusintha nako kumaluma mwini. Ndipo Indiana ija yogawa mphindi mokomera aliyense, itafika ndime yomaliza mu 2025, katswiri wake Tyrese Haliburton anaduka mtsempha wa kuchidendene m'chigawo choyamba cha masewero achisanu ndi chiwiri, Oklahoma City nkutenga chikho. Ameneyo anamutopetsa ndani? Ngakhale dzanja la Brunson lija, fupa silithyoka chifukwa cha mphindi.

Palinso kasitomala. Inu mukudziwa m'mene zimawawira munthu kuyenda mtunda wautali kudzagula chinthu chimene mwamulonjeza, nkumupatsa china kuti tengani ichi nchimodzimodzi. Bambo walipira ndalama zambiri kuti mwana wake akaone katswiri, akupeza katswiriyo wakhala pa benchi atavala jekete, sakudwala, akuti akupuma. Mchitidwewu utanyanya, ligi inaika lamulo mu 2023 lakuti wosewera wosafika masewero 65 asapikisane nawo pa mphoto zikuluzikulu za chaka. Pamenepa a Thibodeau anali kumbali ya wogula tikiti, ndipo ndiwayamikire: kwa iwo ukalipira unkaona katundu yense.

Koma nditayeza zonse, ine ndikuwapezabe ndi mlandu, kungoti si umene ambiri amawaimba. Za mawondo ndi minofu tikhoza kutsutsana mpaka dzuwa kulowa. Mlandu wawo ndi wa anyamata aja okhala pansi. Inu amene muli ndi benchi mumsika, tayerekezani kuti muli ndi mwana wa mlongo wanu amene amakuthandizani, koma chaka chonse simunamusiyirepo benchi ngakhale ola limodzi. Kutchaja ndi inu, kubweza chenji ndi inu, kukambirana ndi wonenerera ndi inu. Tsiku lakugwirani malungo, lomwenso ndi la malipiro a mwezi makasitomala ali piringupiringu, mukuti iwe gwira apa. Adziwa bwanji mtengo wa chiyani? Wosewera amene sanalowe m'bwalo mu Januwale, pamene kulakwitsa kunali kotchipa, sungamuponye m'moto wa Meyi nkuyembekeza zozizwitsa. Nzoona kuti m'chipulula makochi onse amachepetsa anthu, ambiri amatsala ndi asanu ndi atatu kapena asanu ndi awiri. Koma a Popovich ankasankha asanu ndi atatuwo pa gulu la anthu khumi oyesedwa kale. A Thibodeau ankafika mu Meyi ndi anthu omwe aja anayamba nawo mu Okutobala, atatha mafuta, ndipo kumbuyo kwawo kuli alendo.

Osewera awo omwe anafika poyankhula. Mu Malichi 2025 Mikal Bridges, munthu wodziwika kuti sajomba masewero, anauza atolankhani kuti anapempha kochi achepetseko mphindi za oyambirira, poti anzawo a pa benchi akhoza kuthandiza. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma a Thibodeau anakana kuti nkhani yotero sanakambiranepo.

Chodabwitsa nchakuti chaka chimenecho njira yawo inawafikitsa patali. Knicks inatulutsa Detroit, nkutulutsanso Boston imene inali ikuteteza chikho, nkufika ndime ya matimu anayi koyamba chichokere 2000. Mzinda wonse unasefukira m'misewu. Amene anawadikira kumeneko ndi Indiana yomwe ija. Tsiku loyamba Knicks inali kutsogola ndi mapointi 14 kutatsala mphindi zosakwana zitatu. Aaron Nesmith wa Indiana anayamba kuponya za mapointi atatu motsatizana, otchinga akufika mochedwa, Haliburton nkufananitsa pa sekondi yomaliza, ndipo m'nthawi yowonjezera Indiana inapambana 138 kwa 135. Atagonjanso kachiwiri pakhomo mpamene a Thibodeau anayamba kukumbukira mayina a anyamata a pa benchi aja nkumawalowetsa. Anathandizadi, Knicks inapambanako kawiri, koma pa 31 Meyi inatuluka.

Patangotha masiku atatu, pa 3 Juni 2025, eni timu anawachotsa ntchito a Thibodeau, munthu amene anawafikitsa pamene sanapondepo zaka 25. Mpando wawo anaupatsa a Mike Brown mwezi wotsatira.